Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba: mizinda yathu ikukula motani, nanga manambala ake tiziwamva bwanji?

Munthu wotsatira nkhani akhoza kusokonezeka. Pa wailesi mumva kuti mzinda wa Lilongwe uli ndi anthu oposa 1 miliyoni, koma mukatsegula lipoti la boma mupeza 989,318. Wina akuti Mzuzu ndiwo mzinda womwe ukukula msanga kuposa ina yonse, chonsecho amene anaimapo pa mzere wa magalimoto pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe nthawi yoweruka sangavomereze msanga. Ena akuti anthu akukhamukira m'tauni, ena akuti Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe anthu ake ochuluka akadali kumudzi. Onsewa akhoza kukhala akunena zoona, kungoti akunena zinthu zosiyana. Wina akunena anthu amene anawerengedwa, wina liwiro limene anthuwo akuchulukira, wina zimene zikuyembekezeka kutsogolo. Tiyeni tizisiyanitse chimodzichimodzi.

Kalembera ndi chithunzi cha tsiku limodzi

Kalembera ndi ntchito yowerenga munthu aliyense m'dziko pa nthawi imodzi, khomo ndi khomo. Kuno kwathu amamuyendetsa ndi a National Statistical Office, omwe likulu lawo lili ku Zomba. Chilandirireni ufulu wodzilamulira, kalembera wachitika kasanu ndi kamodzi: mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Woyambayo anapeza anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni. Wa mu Seputembala 2018, pomwe owerenga ankalemba pa matabuleti m'malo mwa mapepala, anapeza anthu 17,563,749. Mwa iwo, 989,318 anali mumzinda wa Lilongwe, 800,264 mu Blantyre, 221,272 mu Mzuzu ndipo 105,013 mu Zomba.

Taganizirani chithunzi cha pa ukwati. Amene anaima pamenepo wojambula akudina ndi okhawo amene akuoneka, ndipo mwana wobadwa sabata yotsatira palibepo ngakhale ali wa banja lomwelo. Nambala ya 989,318 ndi chithunzi cha 2018. Pa nthawiyo mzindawu unkangoperewera anthu pafupifupi 11,000 kuti ukwane 1 miliyoni, ndipo unkawonjezera anthu okwana ngati 100 tsiku lililonse. Choncho amene akunena lero kuti Lilongwe unadutsa kale 1 miliyoni sakutsutsana ndi kalembera ayi.

Pali chinthu china chomwe chimachititsa manambala a chaka chimodzi kusiyana. Mukhoza kuwerenga amene anagona pamalopo usiku wa kalembera, kaya ndi mlendo kaya ndi mwini nyumba, kapena kuwerenga amene amakhala pamalopo nthawi zonse ngakhale usikuwo anali pa ulendo. N'chifukwa chake kalembera wa 2008 mumupeza ndi nambala ziwiri, 13,077,160 ndi 13,029,498. M'mizinda kusiyanaku kumaonekera kwambiri chifukwa mumagona alendo ambiri: odwala ndi owadikirira m'zipatala zazikulu, amalonda, ndi abale obwera kudzacheza.

M'mene mizinda inayi inafikira pamene ili

Mzinda wa Blantyre ndiwo wakale. Unayamba mu 1876 pomwe amishoni a mpingo wa ku Scotland anamanga pamalopo n'kupatcha dzina la kwawo kwa David Livingstone. Makampani a malonda anatsatira, njanji inakulitsa Limbe, ndipo mu 1956 matauni awiriwa anaphatikizidwa. Pofika 1966 unali ndi anthu pafupifupi 109,000, ndipo panalibe tauni ina yoyandikirako. Zomba, komwe atsamunda anakhazika boma lawo kuyambira mu 1891, kunali anthu osafika 20,000. Lilongwe nayenso anali ndi anthu osafika 20,000, boma wamba la pakati pa minda ya fodya ndi chimanga. Mzuzu, yemwe anakula kuchokera pa esiteti ya tung, mitengo yomwe njere zake amayengera mafuta, imene inatsegulidwa cha m'ma 1947, anali asanakwane ngakhale anthu 10,000.

Chimene chinatembenuza zonsezi ndi ganizo la boma la Dr Hastings Kamuzu Banda losamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Bungwe lomanga likulu latsopanolo, Capital City Development Corporation, linakhazikitsidwa mu 1968, ndalama zoyambira zinali ngongole yochokera ku South Africa, ndipo mu 1975 likulu linasamuka. Maofesi a ku Capital Hill, mafakitale ndi okushoni ya fodya ku Kanengo, kenako bwalo la ndege ku Lumbadzi, zonsezi zinakoka anthu. Mu 1977 anthu a mu Lilongwe anali atafika pafupifupi 99,000, kutanthauza kuti anachuluka kasanu m'zaka 11 zokha. Mu 1987 anali 223,000 pomwe Blantyre anali ndi 333,000. Mu 1998 mpata unachepa, 440,000 kwa 502,000. Kalembera wa 2008 ndiye anaonetsa koyamba Lilongwe ali patsogolo, ndi anthu pafupifupi 670,000, ngakhale anangopitirira pang'ono. Zaka zimenezo n'kuti Bingu wa Mutharika, atangolowa m'boma mu 2004, atasamutsira ku Lilongwe ntchito za boma zomwe zinali zikuchitikirabe ku Blantyre. Pofika 2018 mpata unali utakula kufika anthu pafupifupi 190,000.

Mbiriyi ndi yofunika kuisunga m'mutu, chifukwa ikuonetsa kuti mzinda sukula wokha ngati udzu wa m'dambo. Ganizo limodzi la boma linasintha kumene mabanja ochuluka zedi anakakhazikika. Zomba, yemwe anali wofanana ndi Lilongwe mu 1966, lero akulowa mu Lilongwe maulendo oposa asanu ndi anayi.

Liwiro la kukula ndi kuchuluka kwa anthu si chinthu chimodzi

Akatswiri akamati mzinda ukukula ndi 3.8 peresenti pa chaka, akutanthauza kuti pa anthu 1,000 alionse omwe analipo chaka chatha, chaka chino pawonjezekera 38. Pakati pa 2008 ndi 2018 dziko lonse linkakula ndi 2.9 peresenti pa chaka. Mzuzu ankakula ndi 5.4, Lilongwe 3.8, Zomba 2.5, Blantyre 2.0.

Apa ndi pamene pagona yankho la mkangano wa Mzuzu ndi Lilongwe. Pa liwiro, Mzuzu ndiye anatsogola. Koma 5.4 peresenti ya anthu ochepa ndi yochepa poyerekeza ndi 3.8 peresenti ya anthu ambiri. M'zaka khumizo Mzuzu anawonjezera anthu pafupifupi 90,000, pomwe Lilongwe anawonjezera oposa 300,000, omwe ndi ochuluka kuposa anthu onse a mu Mzuzu.

Amene ali mu banki mkhonde amadziwa m'mene zimenezi zimayendera. Chiwongoladzanja cha mwezi uno chikalowa m'bokosi, mwezi wamawa nachonso chimabereka. Anthunso ndi chimodzimodzi, ana obadwa lero adzakhala makolo mawa. Pali kanjira kachidule kowerengera: tengani 70 mugawe ndi liwiro la kukula, mupeza zaka zomwe zingatenge kuti anthu achuluke kawiri. Liwiro lomwelo litapitirira, Mzuzu angawirikize kawiri m'zaka 13, Lilongwe m'zaka 18, Zomba m'zaka 28, Blantyre m'zaka 35. Mwana wobadwira mu Mzuzu mu 2018 angamalize sukulu ya pulayimale mumzinda wa anthu ochuluka kawiri kuposa momwe unalili tsiku limene anabadwa.

Nanga bwanji ena amati tikadali dziko la kumudzi? Chifukwa kumudzi nakonso anthu akuchuluka pa liwiro losasiyana kwenikweni ndi la m'tauni. Mu 1998 anthu okhala m'matauni anali 14.4 peresenti ya anthu onse, mu 2008 anali 15.3, ndipo mu 2018 anali 16. Mwa 16 ameneyu, 12 anali m'mizinda inayi ija, otsalawo m'maboma ndi m'matauni ang'onoang'ono. Zili ngati anthu awiri othamanga, wina akangoposa mnzake pang'ono, onse amapita kutali koma mpata pakati pawo umakula pang'onopang'ono. Kwa anansi athu ku Zambia, komwe migodi ya kopa inakoka anthu kalekale, anthu okwana ngati 4 mwa 10 alionse amakhala m'matauni.

Anthu atsopanowa akuchokera kuti?

Ambiri tikamva kuti mzinda ukukula timaganiza za mnyamata wotsika basi pa depoti ndi kachikwama, kudzafuna ganyu kapena kudzayamba kabaza. Alipodi, ndipo ndi ambiri. Koma mzinda umakula m'njira zitatu: ana obadwa kuposa anthu omwalira, anthu osamukiramo kuposa osamukamo, ndi kusuntha kwa malire a mzinda.

Njira yoyamba ndi imene imaiwalika kawirikawiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi wa m'tauni amabereka ana atatu pa moyo wake tikawerengera mwapakatikati, pomwe wa kumudzi ndi 4.7. M'dziko lonse nambalayi inatsika kuchoka pa 6.7 mu 1992 kufika pa 4.4. Munthu angaganize kuti ndiye kuti kukula kwatsala pang'ono kuima, koma si choncho. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 51 mwa 100 alionse anali osakwana zaka 18. Onsewa akubwera ku msinkhu wokwatira ndi kukwatiwa, ndipo ngakhale aliyense atabereka ana ochepa kuposa makolo ake, obereka okhawo ndi ochuluka zedi. Basi yodzaza ikamatsika ku Chiweta, dalaivala akaponda mabuleki siima pomwepo, imayendabe kamtunda. Ana obadwira ku Bwaila, ku Queens, ku Ndirande ndi ku Zolozolo sanachokere kumudzi kulikonse. Kwawo ndi mu Area 25, mu Mbayani, mu Chibavi. Ngakhale zitatheka kuti pasabwerenso munthu ndi mmodzi yemwe kuchokera kumudzi, mizindayi ingapitirizebe kukula.

Kusamuka nako sikuloza mbali imodzi. Anthu amabwera m'tauni, komanso amabwerera: wopuma pa ntchito amakamanga kwawo, wina ntchito ikatha amatumiza banja kumudzi, wina amabwera chilimwe n'kubwerera mvula ikayamba. Ndiponso mizinda yathu sinakhalepo malo okhawo opitako munthu akafuna ndalama. Agogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Harare ndi ku Bulawayo, ena m'maesiteti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji. Mpaka lero achinyamata ambiri a ku Mzimba ndi ku Mangochi akaganiza zochoka pamudzi, maso awo amakhala ku South Africa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe gawo la anthu okhala m'matauni lakhala likukwera pang'onopang'ono.

Malire: mzinda womwe timauona ndi mzinda womwe umawerengedwa

Nambala yomwe imadabwitsa anthu kwambiri ndi ya Blantyre. Mzinda wa malonda, wodzaza chotero, ungakule bwanji pang'onopang'ono kuposa dziko lonse? Zifukwa zomwe zimatchulidwa n'zingapo. Ntchito zambiri za boma ndi za mabungwe zinapita ku Lilongwe, mafakitale ena akale anachepetsa antchito, ndipo malo omangapo ndi opanikizika pakati pa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe. Koma palinso nkhani ya malire.

Kalembera amawerenga munthu kuti ndi wa mumzinda ngati amakhala mkati mwa malire a khonsolo ya mzindawo. Amene anagula puloti ku Lunzu, ku Chileka kapena ku Mpemba, amene amakwera minibasi m'mawa uliwonse kukagwira ntchito mu Limbe, amawerengedwa ku boma la Blantyre, kunja kwa mzinda. N'chimodzimodzinso amene akumanga cha ku Njewa ndi ku Chitipi m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Dzungu likayanga n'kudutsa malire a munda, maungu obereka tsidya linalo amaoneka ngati a mwini munda winawo, chonsecho muzu uli kwanu. Choncho n'zotheka kuti gawo lina la kukula kwa Blantyre likubisala m'manambala a kumudzi. Mbali inayi, malire akafutukuka, mudzi wonse umasanduka tauni tsiku limodzi popanda munthu kusuntha mphasa yake, ndipo nambala ya mzinda imalumpha.

Nkhaniyi si ya papepala chabe. Anthu a m'mphepetewa masana amagwiritsa ntchito misewu, misika ndi zipatala za mumzinda, koma khonsolo ikamakonza mapulani imatengera nambala ya amene amagona mkati mwa malire. Komwe amagonako malo amagawa ndi mafumu, ndipo kawirikawiri nyumba zimayamba kufika, msewu ndi mapaipi a madzi n'kumabwera pambuyo, pomwe njira yodutsamo yatha kale. Mwa zonse zomwe zili m'nkhaniyi, ichi ndi chimene ine ndimaona kuti chimafunika kuchiyang'anitsitsa munthu akamawerenga nambala ya mzinda uliwonse.

Kuyerekeza za kutsogolo si kulosera

Mukamva kuti pofika chaka chakuti mzinda udzakhala ndi anthu akuti, imeneyo ndi nambala yoyerekeza. Akatswiri amatenga anthu a mu kalembera, n'kuwagawa malinga ndi zaka zawo, amuna paokha akazi paokha. Kenako amawayendetsa chaka ndi chaka pa kompyuta: angati adzabereka, angati adzamwalira, angati adzasamuka. Pa chilichonse mwa zitatuzi amayenera kuganizira m'mene chidzakhalire, ndipo nambala yotulukayo imadalira maganizowo. N'chifukwa chake a National Statistical Office ndi a United Nations akhoza kutulutsa nambala zosiyana za mzinda womwewo, makamaka ngati akugwiritsanso ntchito malire osiyana.

Zikufanana ndi mlimi woyang'ana chimanga chake chili ndi ngaiyaye n'kunena matumba omwe akuyembekeza. Sakunama, akutengera zimene waona zaka zambiri, koma mvula ikadula kapena mbozi zikagwa, nambala imasintha. Ndi chifukwa chake ngakhale Unduna wa Zamalimidwe umayerekeza zokolola kangapo pa chaka, uku ukukonza manambala.

Tiyeni tiwerengere tokha kuti tione kukula kwa kusiyanaku. Lilongwe atapitiriza pa 3.8 peresenti kuchokera pa 989,318, pofika 2038 angakhale ndi anthu pafupifupi 2.1 miliyoni. Liwirolo litatsika kufika pa 3 peresenti, angakhale pafupifupi 1.8 miliyoni. Kusiyana kwa liwiro n'kosafika ngakhale 1 peresenti, koma pa anthu ndi 300,000, oposa mzinda wonse wa Mzuzu wa mu 2018. Kwa amene akumanga damu kapena masukulu, anthu amenewo ndi mapaipi, makalasi ndi aphunzitsi. Mwa kawerengedwe komweko, Blantyre pa 2 peresenti angakwane 1 miliyoni cha m'ma 2030.

Mbiri yathu ikuonetsa kuti zosayembekezeka zimachitika. Pakati pa 1977 ndi 1987 anthu m'dziko muno ankachuluka ndi 3.7 peresenti pa chaka, ndipo zina mwa zifukwa zake zinali anthu othawa nkhondo ku Mozambique. Mtendere utabwera kumeneko mu 1992 iwo anabwerera, nthawi yomweyo Edzi inali ikutenga anthu ambiri, ndipo pakati pa 1987 ndi 1998 liwiro linatsika kufika pa 2.0. Amene akanayerekeza potengera zaka za m'mbuyomo akanaphonya kutali. Kuyerekeza za mzinda umodzi n'kovuta kuposa za dziko lonse, chifukwa kusamuka kumatsata ntchito, mitengo ya lendi ndi maganizo a boma, zinthu zomwe zimasintha msanga kuposa kubereka.

Mafunso omwe akadali poyera

Funso loyamba ndi loti kukulaku kupitirize kuunjikana m'mizinda inayi kapena kumwazikane. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika kukula kwa matauni ngati umodzi mwa mizati yake itatu, pamodzi ndi ulimi wa malonda ndi mafakitale. Pansi pake pali pulani yokweza matauni ena asanu ndi atatu: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Oikira kumbuyo pulaniyi amati ipepuza mizinda ikuluikulu ndi kufikitsa misika pafupi ndi alimi. Okayika amati ndalama zochepa zikagawidwa malo ambiri sizioneka, ndipo anthu amatsata ntchito komwe ili kale. Mbiri ya Lilongwe ikhoza kuthandiza mbali zonse ziwiri, chifukwa ikuonetsa kuti boma lingathe kukoka anthu, komanso kuti zinatengera kusamutsa likulu lenileni la dziko.

Lachiwiri ndi madzi. Blantyre amadalira kwambiri madzi opopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 wokwera phiri, zomwe zimadya magetsi ambiri. Lilongwe amadalira madamu awiri a Kamuzu pa mtsinje wa Lilongwe, ndipo ndi chifukwa chake pali ntchito yokoka madzi kuchokera ku nyanja ku Salima. Mzuzu ali ndi damu la Lunyangwa, Zomba la Mulunguzi. Zomangidwa lero ziyenera kukwanira anthu angati, ndipo awerengedwe a mkati mwa malire okha kapena ndi a m'mphepete omwe?

Lachitatu ndi loti anthu owonjezekerawo adzagona kuti. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala pa phiri la Soche, n'kupha anthu ambiri ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Ena amati lamulo loletsa kumanga m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje ligwire ntchito mosanyengerera. Ena amafunsa kuti munthu wopeza ndalama za tsiku ndi tsiku akapeza kuti puloti yotsika mtengo yomwe ili pafupi ndi komwe amapezako ganyu. Mafunso awiriwa sanayankhidwe pamodzi.

Palinso nkhani ya malire yomwe: afutukuke kuti madera a m'mphepete alowe m'manja mwa makhonsolo a mizinda, nanga mphamvu za mafumu pa malo zidzakhala pati, ndipo eni nyumba adzalandira chiyani akayamba kulipira misonkho ya mumzinda? Kalembera wotsatira akuyembekezeka mu 2028, ndipo ndi amene adzaonetse ngati Mzuzu wapitirizabe pa liwiro lija, ngati Blantyre wafikadi pafupi ndi 1 miliyoni, komanso kuti ndi anthu angati omwe tsopano akugona ku Lunzu, ku Mpemba ndi ku Njewa koma n'kumatandala mumzinda.